Kodi a Dodgers akuzembadi msonkho pa malipiro a Ohtani?

Mphekesera imati timu ya masewera a baseball ya ku America, Los Angeles Dodgers, inachita chinyengo mu December 2023 pomwe inasayinitsa Shohei Ohtani mgwirizano wa madola 700 miliyoni kwa zaka 10. Akuti poti imangomupatsa 2 miliyoni pachaka, zotsalazo n'kudzamupatsa mtsogolo, msonkho wa ligi ukuwerengedwanso pa ka 2 miliyoni komweko. Si zoona.

Ligi ya MLB (Major League Baseball), momwe a Dodgers amasewera, ilibe malire okhwima a malipiro. Chomwe chilipo ndi msonkho womwe timu imalipira ikadutsa mulingo woikika, womwe mu 2024 unali madola 237 miliyoni. Powerengera, ligi siyang'ana zomwe zalowa m'thumba la wosewera chaka chimenecho ayi. Imatenga mgwirizano wonse, n'kuona mphamvu yomwe ndalama zodzalipidwa mtsogolo zili nayo lero. Paja dola ya mu 2040 siingafanane ndi ya lero. Ndiye Ohtani amawerengedwa pafupifupi 46 miliyoni pachaka.

Zotsala zija, 680 miliyoni, adzazilandira kuyambira 2034 mpaka 2043, 68 miliyoni chaka chilichonse, ndipo malamulo amakakamiza timu kumaziika padera pasadakhale.

Kuchedwetsa malipiro n'kololedwa m'pangano la ligi ndi bungwe la osewera, ndipo kunayamba kale. A timu ya New York Mets amapatsa Bobby Bonilla madola pafupifupi 1.19 miliyoni pa 1 July paliponse mpaka 2035, munthu woti anasiya kusewera mu 2001!

Dandaulo loti matimu olemera amapondereza ang'onoang'ono ine ndimalimva, n'lomveka. Koma apa a Dodgers sanaphwanye lamulo lililonse.