Magazi pa nsalu si umboni wa unamwali

Kumunsi kwa thupi la mkazi kuli njira zitatu: kutsogolo kuli kabowo kotulukira mkodzo, pakati pali njira yotulukira msambo ndi mwana yomwe ambiri amati njira ya abambo, ndipo kumbuyo ndi kotulukira chimbudzi. Pakhomo pa njira yapakatiyo pali kachikopa kopyapyala komwe achipatala amakatcha hymen. Kachikopa aka ndi komwe kachititsa kuti atsikana ambiri anenedwe uhule popanda mlandu.

Ambiri amaganiza kuti kamatseka khomo lonse ngati chivindikiro cha botolo, mpaka mwamuna atakaboola. Ayi. Kakanakhala kotseka, msambo bwenzi ukutulukira pati? Kamangozungulira m'mbali mwa khomo n'kusiya mpata pakati, ndipo maonekedwe ake amasiyana mtsikana ndi mnzake. Kwa ena n'kochepa zedi moti sikaoneka bwino. Mtsikana akatha msinkhu kamafewa, kamatamuka, choncho amatha kugona ndi mwamuna osang'ambika paliponse.

N'chifukwa chake akazi ambiri sataya magazi tsiku loyamba. Magaziwo akaoneka, kawirikawiri ndiye kuti mkazi anali ndi mantha, njira inali youma, kapena mwamuna anachita mwankhanza. Bambo amene mukukwiya m'mawa wa ukwati poona nsalu yoyera, mukulakwira mkazi wanu.

Palibe dokotala, namwino, nankungwi kapena agogo amene angayang'ane kapena kupisa chala n'kudziwa ngati mtsikana anagonapo ndi mwamuna. Mu Okutobala 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za amayi la UN Women komanso ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu, linanena poyera kuti kuyeza unamwali kuthe, chifukwa sikutsimikizira kanthu, kumangopweteka mwana ndi kumuchotsera ulemu. Makolo, mukakayikira mwana wanu, khalani naye pansi mucheze, osamuvula.

Mabodza ena awiri ndi oopsa kuposa apa. Kugona ndi namwali sikuchiza HIV, kumangopatsira mwana kachilombo. Ndipo mtsikana wochokera kuchinamwali sangatuwe khungu kapena kudwala chifukwa sanasase fumbi, kutanthauza kugona ndi mwamuna. Akhoza kutenga mimba ngakhale pa ulendo woyamba womwewo.

Pali vuto limodzi losowa lofunika chipatala. Atsikana ochepa amabadwa kachikopako kali kotsekeratu. Mwana wotere mawere amamera bwinobwino, mwezi uliwonse amamva kupotokola m'mimba, koma magazi osaoneka chifukwa akuunjikana mkati. Musathamangire zitsamba. Pitani naye kuchipatala chapafupi, akafuna akutumizani ku Zomba Central Hospital. Opaleshoni yake ndi yaing'ono.

Mwana akagwiriridwa, kusaoneka kwa bala kapena magazi sikutanthauza kuti akunama. Mukhulupirireni, ndipo musadikire zokambirana za pabanja. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza mpaka masiku 5, koma akamwa msanga ndi pomwe amagwira bwino. Ku Zomba Central Hospital kuli One Stop Centre, malo othandizirako ochitiridwa nkhanza, kupolisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116, yomwe imayendetsedwa ndi bungwe lothandiza achinyamata la YONECO konkuno ku Zomba, mumaimba ulere.