Kaputeni wa sitima amene anapereka pawn mwadala

William Davies Evans sanali katswiri wodyera pa chess. Anabadwa mu 1790 ku Pembrokeshire, m'dziko la Wales, ndipo ntchito yake inali kuyendetsa sitima yonyamula makalata pakati pa Milford Haven ndi Waterford ku Ireland. Chess ankasewera pongokonda. Komabe kayambidwe kamene anatulukira m'zaka za m'ma 1820 kakusowetsabe anthu mtendere m'makalabu ndi pa intaneti, ndipo dzina lake ndi Evans Gambit. Gambit ndi kuperekeratu chida mwadala poyamba masewero kuti upezerepo mpata woukira.

Masewero amayamba mwachizolowezi, wa zida zoyera ndi wa zida zakuda akusinthana mayendedwe: e4 e5, Nf3 Nc6, Bc4 Bc5 (chilembo chaching'ono ndi nambala ndi dzina la malo pa bolodi; N ndi chida chotchedwa knight, B ndi bishop). Apa ambiri amayenda mofatsa. Evans, posewera ndi zoyera, anakankha pawn, kachida kochepa mphamvu kuposa zonse, pa b4, pakamwa penipeni pa bishop wakuda. Wakuda akadya, woyera amaika c3, bishop uja n'kubwerera, kenako d4. Pawn imodzi yapita, inde, koma woyera watenga pakati pa bolodi, njira za queen ndi bishop zatseguka, ndipo f7, pamene pamalondera king yekha, payamba kutentha mnzakeyo asanatulutse n'komwe zida zake.

Mu 1827 ku London, Evans anagonjetsa Alexander McDonnell, mmodzi mwa osewera oopsa a nthawiyo, ndi nzeru yomweyi. McDonnell anaitola, ndipo inaoneka kambiri pa mipikisano yake ndi La Bourdonnais wa ku France mu 1834. Adolf Anderssen nayenso anaisewera mu 1852 pogonjetsa Jean Dufresne, masewero amene ophunzira chess amawabwerezabe.

Amene anaiziziritsa ndi Emanuel Lasker, katswiri wa ku Germany. Iye anasonyeza kuti wakuda asaumirire pawn ija: aibweze, asinthane ma queen, woyera atsale ndi ma pawn omwazikana. Akatswiri anaitaya kwa zaka zambiri, mpaka Garry Kasparov anaifukula mu 1995 ku Riga, n'kugwetsa nayo Viswanathan Anand m'mayendedwe 25 okha.

Ine ndimaona kuti kwathu kwa osewera wamba sinafepo. Nzeru ya Lasker imafuna mtima wodekha, pamene ambirife tikapatsidwa chaulere timakakamira, ndipo kuteteza king nthawi ikutha n'kovuta kuposa kuukira. N'chifukwa chake mwana wongoyamba ndimamuonetsa b4 asanaloweze mayambidwe ataliatali a akatswiri.

Evans anatulukiranso nyali za mitundu itatu zothandiza kuti sitima zisawombane usiku, boma la Britain n'kumupatsa mphoto. Anamwalira mu 1872 ku Ostend, m'dziko la Belgium, kumene anaikidwa.