Mwana Akachedwa Kulankhula: Zoyenera Kuona ndi Thandizo Limene Lilipo

Ana sayamba kulankhula pa msinkhu umodzi ndendende, ndipo kusiyana kwa miyezi ingapo pakati pa mwana ndi mnzake si vuto. Komabe pali malire amene azaumoyo amayang'ana, ndipo mwana akawapitirira si bwino kumangoti adzalankhula yekha nthawi yake ikakwana. Ana ena amalankhuladi okha pambuyo pake, koma palibe kholo limene lingadziwiretu kuti mwana wake ali m'gulu limenelo, pamene zaka zitatu zoyambirira ndi zimene ubongo umagwira chinenero mosavuta kwambiri.

Pofika miyezi 9, mwana amakhala akubwereza timawu monga "bababa" ndi "mamama", komanso amacheuka akaitanidwa dzina. Pakati pa miyezi 12 ndi 15 amayamba kuloza chimene akufuna ndi kutchula liwu limodzi kapena awiri atanthauzo. Akafika miyezi 18 amakhala ndi mawu angapo, ndipo amamvera akauzidwa kuti "bwera kuno" ngakhale asanakodoledwe ndi dzanja. Pa zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi", ndipo pa zaka 3 munthu wosamuzolowera amamva zambiri zimene akunena. Katchulidwe kolakwika pa msinkhu umenewu sikodetsa nkhawa, chifukwa mwana wonena "mazi" m'malo mwa "madzi" wanena liwu ndithu. Ngati pakhomo pamalankhulidwa zinenero ziwiri, werengani mawu a zinenero zonsezo pamodzi, ndipo musasiye chimodzi poganiza kuti chikumusokoneza, pakuti kukula ndi zinenero ziwiri sikuchititsa vuto la kulankhula.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa kuposa kuchuluka kwa mawu ndi kumvetsa kwa mwanayo. Mwana amene ali ndi mawu ochepa koma amamvetsa zimene akuuzidwa, amaloza zinthu ndi kukuyang'anani kuti muone zimene waona, nthawi zambiri amakhala pabwino kusiyana ndi amene sachita zimenezi. Pitani naye kuchipatala mosazengereza ngati sacheuka akaitanidwa, ngati pa miyezi 18 alibe liwu ngakhale limodzi kapena saloza chilichonse, ngati pa zaka 2 salumikiza mawu, kapena ngati amatsamwa kawirikawiri pakudya ndipo mkaka umatulukira m'mphuno. Mwana amene ankatchula mawu kenako nkuwasiya ayenera kuonedwa ndi dokotala msanga, kaya ali ndi msinkhu wanji.

Choyamba kuyezedwa ndi makutu, ngakhale kholo litakhulupirira kuti mwana amamva bwino. Makolo ambiri amayesa poomba m'manja kumbuyo kwa mwana, akacheuka nkukhutira, koma mwana angathe kumva phokoso lalikulu ngati la chitseko chomenyetsedwa pamene mawu a munthu akumufika osamveka bwino, ngati mmene amamvekera munthu akatseka makutu ndi zala. Izi zimachitika kawirikawiri madzi akadzaza kuseri kwa kachikopa ka m'kati mwa khutu pambuyo pa chimfine kapena matenda a m'khutu, ndipo vutoli limatha kukhala miyezi popanda ululu kapena mafinya otuluka. Kumva kumawonongekanso ndi matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, chikasu chachikulu cha mwana wakhanda, matenda a rubella (ofanana ndi chikuku) amene mayi anadwala ali woyembekezera, ndi mankhwala ena amphamvu obaya. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi 60 peresenti ya mavuto a kumva mwa ana amabwera ndi zinthu zopeweka. Khutu likamatuluka mafinya musathiremo mafuta kapena mankhwala alionse amene sanaperekedwe kuchipatala.

Zifukwa zina ndi kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, malungo a muubongo, khunyu, kung'ambika kwa mlomo kapena kumwamba kwa m'kamwa, Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kukula ndi kuphunzira) ndi autism (vuto limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi ena). Ana ena alibe chilichonse mwa zimenezi, kungoti chinenero chimawavuta kugwira, ndipo vutoli limatha kuyenda m'banja. Kamtsempha kapansi pa lilime kamanamiziridwa kwambiri, chonsecho sikalepheretsa mwana kumvetsa kapena kuphunzira mawu, choncho kasadulidwe popanda dokotala kuona.

Popita kuchipatala tengani buku la umoyo la mwana, ndipo mulembe mawu onse amene amatchula pamodzi ndi zimene amamvetsa, chifukwa ana ambiri amangoti duu akaona anthu achilendo. Ngati muli ndi foni, kavidiyo kakafupi ka mwana akusewera kamathandiza kwambiri. Dokotala kapena namwino adzafunsa za nthawi imene mayi anali woyembekezera, mmene mwana anabadwira, matenda amene anadwalapo, ndiponso nthawi imene anayamba kukhala ndi kuyenda. Kuchokera apo angakutumizeni kwa akatswiri oyeza makutu, kwa katswiri wophunzitsa kulankhula, kapena kwa dokotala wa ana. Mwana wopezeka kuti samva bwino angathandizidwe ndi mankhwala, opaleshoni yaing'ono, kapena kachipangizo kovala m'khutu, ndipo kuphunzira chinenero chamanja sikumulepheretsa kudzalankhula ndi pakamwa. Mukauzidwa kuti mudikire, funsani tsiku lenileni lobwereranso.

Katswiri amaona mwana kanthawi kochepa, motero ntchito yaikulu imachitikira pakhomo. Khalani pansi kuti nkhope zanu zilingane, tchulani chimene iye akuyang'ana m'malo momukokera ku chimene inu mukufuna, ndipo mukalankhula dikirani pang'ono kuti nayenso ayankhe. Akanena "galu", inu onjezani kuti "eya, galu akuthamanga". Akalakwitsa liwu, libwerezeni molondola osamukakamiza kuti anenenso, ndipo musamumane chinthu mpaka atachitchula. Nyimbo, nthano ndi mabuku azithunzi zimathandiza, pamene wailesi yakanema ndi foni sizimuyankha mwana. M'malangizo ake a mu 2019, WHO inati mwana wosafika zaka 2 asamaonere zimenezi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Chibwibwi ndi nkhani ina payokha. Chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo mwa ana ambiri chimatha chokha. Musamumalizire mawu, musamuseke kapena kumuuza kuti ayambirenso, koma inuyo muzilankhula naye mofatsa. Funani thandizo ngati chatha miyezi 6, ngati mwana akulimbitsa nkhope kapena kuphethira pofuna kutulutsa liwu, ngati wayamba kupewa kulankhula, kapena ngati m'banja muli wina wachibwibwi.