Mimbulu yoyera ya pa WhatsApp sinafike kuno ku Tete

Abale anga, mphekesera ija imangobwerabwera m'magulu mwathu. Kanema wake amaonetsa chimmbulu choyera chikuyenda pa chipale chofewa, ati chachokera ku Antarctica, dera lozizira kwambiri la kum'mwera kwenikweni kwa dziko, ndipo chaoneka kuphiri la Dómuè. Ena amakometsa kuti ndi munthu amene amasanduka chilombo mwezi ukawala wonse.

Ku Antarctica kulibe mimbulu. Ngakhale agalu okoka katundu anachotsedwako mu 1994, potsatira pangano loteteza chilengedwe la 1991. Kumeneko ndi kwa ma penguin, mbalame zosauluka zimene zimasambira m'nyanja. Mimbulu yoyera kwawo ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Greenland ndi zilumba za Canada monga Ellesmere, komwe imasaka akalulu ndi nyama zaubweya wambiri zotchedwa musk ox. Kuno chimene chimagwira mbuzi m'khola ndi fisi, ndipo cholira kudambo usiku ndi nkhandwe.

Za munthu wosanduka mmbulu, amene azungu amati werewolf, ndi nthano zakale za ku Ulaya. Chimandiwawa n'chakuti zikafika kumudzi, anthu amayamba kuloza chala agogo okhala okha, ati ndiwo amasanduka. Nkhalamba yosalakwa imagona ndi mantha chifukwa cha kanema wojambulidwa kutali.

Mukalandira zotere, jambulani chithunzi cha kanemayo n'kuchifufuza pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone kumene chinayambira. Yang'ananinso pansi pomwe chilombocho chikuponda: ku Ulongwe mu June kumazizira ndithu, koma chipale chofewa chodzaza chigwa sichigwa. Chonde musatumizenso, ndipo muuzeni mwaulemu amene wakutumizirani kuti achotse m'gulumo.