Injini ya Toyota nayo imafa yokha

M'magalaji a mu Lusaka mumamveka mawu akuti injini ya Toyota siifa yokha, amaipha ndi mwini wake wosasintha oilo. Kawirikawiri n'zoona ndithu, koma osati nthawi zonse.

Mu 2024 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000 a Tundra ndi Lexus LX ku America, amtundu wa 2022 ndi 2023, kuti eni ake awabweze akakonzedwe. Vuto linachokera kufakitale komweko: tizidutswa tachitsulo totsala posema injini sitinatsukidwe bwino. Timeneti timayenda ndi oilo, kukadya ma bearing (tizitsulo tochepetsa kukhulana) a crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira mkati mwa injini), injini n'kuyamba kugogoda, kenako kuzima galimoto ili paliwiro. Ngakhale mutamasintha oilo mwezi ndi mwezi, ma bearing odyekawo sangachire. Kampaniyo inavomera kuika injini zatsopano mwaulere.