Zithunzi za Klimt: wilo ya Adele ndi mgwirizano wa 1948

Mu Januwale 2026 zidakwana zaka 20 chigamulireni mlandu wa zithunzi zisanu zojambulidwa ndi mmisiri wa ku Austria Gustav Klimt, womwe mayi Maria Altmann adapambana polimbana ndi boma la Austria. Ambiri amaukumbukira chifukwa cha ndalama, poti mpondamatiki wa ku America Ronald Lauder adagula chithunzi chagolide cha Adele Bloch-Bauer pa madola 135 miliyoni. Koma gwero lake ndi mkangano wa chuma cha masiye.

Ferdinand Bloch-Bauer anali Myuda wa ku Vienna, mwini kampani ya shuga. Ndiye adalipira Klimt kuti ajambule mkazi wake Adele, ndipo chithunzicho chidatha mu 1907. Adele adamwalira mu 1925, atalemba mu wilo yake ya 1923 kuti akupempha mwamuna wake kuti akadzamwalira, zithunzizo zidzapite ku nyumba ya boma yosungiramo zaluso, yomwe lero ndi Belvedere. Apa ndi pomwe boma lidagwira. Linkatchulanso zoti Ferdinand adalonjeza kukwaniritsa pempholo, komanso kuti mu 1936 adapereka yekha chithunzi chimodzi. Zonsezi n'zoona. Koma pepala lomwelo la kukhoti lokhala ndi lonjezolo likunenanso kuti zithunzizo zinali za Ferdinand, osati za Adele, ndipo munthu sagawa chuma chomwe si chake.

Mu Malichi 1938 chipani cha Nazi cha ku Germany chidalowa mu Austria. Ferdinand adathawa, a Nazi adamunamizira mlandu wozemba msonkho, ndipo loya Erich Führer adayamba kugulitsa katundu wake. Belvedere idalandira chithunzi cha Adele mu 1941, mwini wake ali moyo ku Zurich m'dziko la Switzerland. Ferdinand adamwalira mu Novembala 1945 atasiyira chuma chonse ana atatu a mkulu wake: Robert, Luise ndi Maria, yemwe ndi mayi Altmann aja.

Chaka chofunika kwambiri ndi 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kale. Austria inali ndi lamulo loletsa kutulutsa zaluso m'dzikomo popanda chilolezo, ndipo akuluakulu ankaligwiritsa ntchito pofinya mabanja othawa kwawo: siyani izi ngati mphatso, tikuloleni kunyamula zinazo. Loya wa banjali, Gustav Rinesch, adavomera kuti za Klimt zitsale kuti katundu wina atuluke. Boma linkati kuvomeraku kudatseka nkhani. Koma makalata omwe mtolankhani Hubertus Czernin adafukula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akusonyeza kuti mkulu wa Belvedere wa nthawiyo ankadziwa kuti umwini wawo unali wosakhazikika. Kodi mphatso yoperekedwa munthu atakupanikiza chonchi ndi mphatso?

Lamulo lobweza zaluso lidabwera mu 1998, komabe mu 1999 komiti ya boma idakana kubweza zisanuzo. Kusuma ku Austria kunkafuna chindapusa cholingana ndi mtengo wa katunduyo, choncho mayi Altmann adakasuma ku California, ndipo mu 2004 khoti lalikulu la America lidati mlanduwo upitirire. Mbali ziwirizi zidasankha oweruza atatu a ku Austria komweko, omwe adapeza kuti mawu a Adele anali pempho losamanga munthu.

Sikuti banjali lidapata zonse. Chithunzi chachisanu ndi chimodzi, cha Amalie Zuckerkandl yemwe adaphedwa ndi a Nazi, oweruza omwewo adakana kubweza, ndipo chikadali ku Belvedere.