Sloth mukamupeza pansi, musamutole

Pafupifupi sabata iliyonse mlendo wina amandifunsa kuti tipita kuti kukanyamula sloth, nyama yoyenda pang'onopang'ono yokhala m'mitengo, kuti ajambulidwe naye. Ndimaperekeza alendo m'nkhalango za Cahuita, kugombe la Caribbean ku Costa Rica, ndipo funso limeneli landitopetsa. Kulibe malo otero amene ine ndingakutengereniko. Munthu akakuuzani kuti alipo, ameneyo si woperekeza alendo ayi, ndi wogulitsa nyama.

Chimene chimanyenga anthu ndi nkhope. Sloth wa zala zitatu ali ndi kamwa lopindikira m'mwamba ndi mizere yakuda m'mbali mwa maso, ndiye amaoneka ngati akumwetulira nthawi zonse. Nkhopeyo ndi yomweyo akakhuta, akadwala, ngakhale akagwidwa ndi mantha. Sathawa chifukwa sangathe kuthamanga. Kuthengo, chinthu chimene chimamugwira ndi kumukweza m'mwamba ndi chiombankhanga chofuna kumudya, ndiye manja anu amawamva chimodzimodzi. Palinso sloth wa mtundu wina, wa zala ziwiri, amene amatha kukulumani, ndipo mano ake amaboola kwambiri.

Amene amakupatsani sloth m'manja pa madola ochepa, monga zimachitikira m'malo ena a Amazon kufupi ndi Manaus, Iquitos ndi Leticia, amamutsitsa mumtengo, nthawi zina atachita kudula mtengowo. Nyamayo imapatsiranidwa m'manja tsiku lonse, ndipo ikafa amakagwira ina. Mu 2017 bungwe la World Animal Protection linatulutsa lipoti la malonda amenewa, ndipo mu 2019 boma la Costa Rica linayamba kampeni yotchedwa Stop Animal Selfies. Musamvere mawu akuti "tinachita kumupulumutsa." Opulumutsa nyama enieni salola mlendo kuigwira.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si ochita malonda. Ndi anthu amtima wabwino.

Bambo ndi mayi ena anapeza mwana wa sloth pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba imene ankagona. Mwanayo anali kulira, kulira kwake kopyapyala ngati kamluzu. Anamufunditsa thaulo n'kulowa naye m'chipinda. Munthu wina wapamsewu, amene anadzitchula kuti amadziwa za nyama, anawauza kuti azimupatsa mkaka wa ng'ombe ndi supuni. Anamusunga usiku uwiri. Tsiku lachitatu ataona kuti akupuma movutikira ndi pamene anandiimbira. Tinathamangira naye kumalo osamalira nyama zovulala, koma mkaka unali utalowa kale m'mapapo, chibayo chitayamba. Anafa tsiku lomwelo. Nditabwerera pa mtengo uja ndinayang'ana m'mwamba, ndipo pa nthambi panali sloth wamkazi wamkulu. Mayi aja analira kwambiri, ndipo ine sindinawauze zimene ndinaona. Mpaka lero ndimaganiza kuti akanandiimbira ola loyamba lomwelo, mwanayo tikanamubwezera pa thunthu la mtengo, make n'kutsika kudzamutenga. Zimatheka ndithu. Akatswiri amajambula kulira kwa mwanayo pa foni n'kukuliza pansi pa mtengo, make akamva amatsika pang'onopang'ono.

Choncho mukapeza mwana pansi, thamangitsani agalu, imani chapatali, imbani foni nthawi yomweyo kumalo opulumutsa nyama kapena kwa oyang'anira nkhalango a boma, a SINAC. Osamupatsa mkaka, madzi, nthochi kapena china chilichonse. Osadikira kuti kuche. Chimodzimodzi mukapeza wamkulu amene wapsa ndi mawaya a magetsi kapena walumidwa ndi galu, zinthu zimene zimavulaza nyamazi kawirikawiri kuno. Bala la magetsi limaoneka laling'ono kunja koma mkati mwapsa kwambiri, ndipo kuchedwa tsiku limodzi kumatha kudulitsa mkono. Wamkulu amene ali pansi wopanda bala musamuyese wodwala. Sloth amatsika pafupifupi kamodzi pa sabata kudzachita chimbudzi patsinde pa mtengo, kenako amakweranso yekha. Mukamuzungulira ndi mafoni mumamuchedwetsa pamalo pamene iye amaopa kwambiri.

Nanga kumuona bwino? Anthu amalephera chifukwa amafufuza chinthu choyenda. Fufuzani chibulumwa chofanana ndi chisa cha chiswe pamphanda ya nthambi, chotuwa, nthawi zina chobiriwira chifukwa muubweya wake mumamera ndere. Yambani ndi mtengo wa guarumo, wa thunthu loyera ndi masamba akuluakulu ngati chikhatho. Sikuti amadya umenewo wokha, koma nthambi zake n'zotalikirana ndiye amaonekera. M'mawa dzuwa likatuluka pambuyo pa usiku wa mvula, wa zala zitatu amakwera pamwamba kukaothera, popeza thupi lake limazizira ndi kutentha motsatira nyengo. Wa zala ziwiri amayenda kwambiri usiku, masana amangodzikulunga m'ziyangoyango. Tengani woperekeza amene ali ndi chiphaso komanso galasi loonera patali, mudzajambulira pa galasilo ndi foni yanu yomweyo. Akayamba kugwedeza mtengo, kuomba m'manja kapena kuimba mluzu kuti nyamayo itembenuke, muletseni. Nyama imene chakudya chimatenga masabata kugayika m'mimba ilibe mphamvu zotaya pa chithunzi chanu.

Ndipo poyenda maso ali m'mwamba, osaiwala pansi. Njoka ya terciopelo imafanana ndi masamba ouma, ndipo kanjoka kachikasu kotchedwa oropel kamakhala pa nthambi zimene mumafuna kugwira potsetsereka. Valani nsapato zotseka, musapatuke m'njira. Ikakulumani, osamanga mwendo, osacheka, osayamwa, osapita kwa aliyense wa mankhwala azitsamba. Pitani kuchipatala msanga, mankhwala ake amapangidwa konkuno ku Instituto Clodomiro Picado.